Malaya a Mapazi a Nkhuku

Mudzi wa Chimwaza, Dedza
9 Meyi 1938

Okondedwa alamu anga Aida,

Landirani moni. Kuno tili bwino, kupatula amayi amene mwendo ukuwavutabe. Chimanga takolola, n'chochepa koma sitikudandaula. Kaya inu ndi amuna anu a Lemson kumeneko ku Bulawayo?

Alamu, ndalembera inu chifukwa mlongo wanu Enock, amuna anga, sakundiyankha. Kalata yawo yomaliza inafika mu Febuluwale. Kuchokera apo ndalemba makalata atatu, onse zii. Ngati akudwala ndiuzeni. Ngati apeza mkazi wa Chindebele ndiuzeninso, ndine munthu wamkulu, sindikomoka.

Chimene chavuta ndi ichi. Atsibweni anga a Bernard, amene ali nkhoswe ya ukwati wathu, anabwera Lachiwiri lapitali. Anakhala pakhonde n'kumayang'ana nsalu yanga imene yang'ambika kumbuyoku. Kenaka anati, "Mwamuna akapita ku Halale amapitira kuti aveke mkazi wake. Wako uja wakuveka chiyani chaka chino?" Ndinati anatumiza chaka chatha. Iwo anati chaka chatha n'chaka chatha. Mukuwadziwa atsibweni, ndi mkulu wa mpingo, akayamba nkhani saisiya panjira. Akuti mwamuna wosaveka mkazi, wosalembanso kalata, ameneyo watchona, ndipo ukwati wotere iwo angathe kuuthetsa.

Ine ukwati wanga ndikuufuna. Ndanena poyera kuti mumve. Chonde pitani komwe amagona amuna anga aMbewe, muwaone ndi maso anu, mundiuze zoona.

Ndine mlamu wanu,
Loice Nankhoma


Lokeshoni, Bulawayo
1 Juni 1938

Kwa amuna anga a Lemson, ku msasa wa njanji ku Dete,

Bambo, moni. Ine ndili bwino, manja okha ndi amene atha ndi sopo. Madona a ku Raylton ayamba kutulutsa mabulangete, ndiye ndikuchapa mpaka msana kuuma.

Pali nkhani imene ndakubisirani chichokere inu, chifukwa mwini wake anandiletsa, koma lero mtima wadzaza. Enock ali m'ndende kuyambira mu Malichi. Kunamwalira munthu wa kwathu ku Dedza wopanda mbale kuno, ndipo Enock anapempha mzungu wake wa ku ntchito youmba njerwa kuti akakumbe nawo manda. Mzungu anakana kumulembera kapepala. Mlamu wanu uja anapitabe. Pochokera kumanda anakumana ndi apolisi, akuti tione situpa, chiphaso chija, ndi kapepala ka bwana wako. Wapolisi wina anamugwira pakhosi pa malaya, iye n'kukankha dzanjalo. Basi, mlandu unakula pomwepo. Miyezi isanu ndi umodzi.

Bambo, ndende yokhayo ndikanapirira. Koma zimene ndinaona mwezi wathawu! Ndinali nditasenza mtolo wa zochapa mmamawa, ndikuona mzere wa mabanditi, monga amawatchulira akaidi kuno. Mumawadziwa mmene amawavekera. Kabudula wolekeza pamwamba pa mawondo, wopanda matumba, wopanda lamba, bambo wandevu kumayenda atagwira m'chiuno kuti asavuke. Malaya okhakhala ngati thumba la chimanga, opanda kolala, ponseponse atadinda zizindikiro zakuda zonga mapazi a nkhuku, ndipo pamsana nambala yaikulu. Mutu mpala, kuphazi kulibe kanthu, chisanu chili chotere. Njira yachidule ilipo kuseri kwa Lokeshoni, koma ayi, amawadutsitsa pampopi penipeni pamene amayi akutunga madzi, atanyamula zidebe za kuchimbudzi. Amachita dala kuti tiwaone.

Wachinayi pamzerepo anali Enock. Enock amene amasita ndi kampango ka m'thumba komwe! Anandiona, n'kutembenuzira nkhope kukhoma. Wapolisi anakuwa momufulumizitsa kuti "Tshetsha!" ndipo anadutsa chothamanga, chidebe chikumuthira m'miyendo. Mai Winifred a kutchalitchi anandikodola n'kunena kuti, "Kodi si alongo anu aja amayambitsa nyimbo?" Ndinawauza kuti ayang'ane ndowa yawo, yadzaza kale.

Tsiku lokaona akaidi ndinapita. Mawu amene ananena ndi awa okha: "Achemwali, kumudzi asamve. Bola azinena kuti ndinafa." Tsono dzulo kwafika kalata ya Loice, akuti atsibweni ake akufuna kuthetsa ukwati. Ndimunamiza basi, ndilibe njira ina. Ngati n'tchimo mudzayankha ndinu, paja mumati ndinu mutu wa banja.

Muzifunda usiku, chifuwa chanu chija sindikuchifuna kuno.

Aida


Lokeshoni, Bulawayo
3 Juni 1938

Mlamu wanga Loice,

Moni kwa iwe, kwa amayi ndi onse. Kalata yako ndailandira ndipo ndaseka mpaka misozi. Mkazi wa Chindebele? Iwe, akazi a kuno ali ndi maso. Angatole mlongo wanga uja, munthu woyankhula kamodzi pa sabata? Anakwanira iwe wekha amene unamusankha kukuda.

Khazika mtima pansi. Enock ali moyo, ndamuona ndi maso anga. Ku njerwa anasiyako. Tsopano ali pa ntchito ya boma yokonza misewu, ndipo amagona komweko kumsasa. Kumeneko kulibe positi, kulibe inki, kapitawo wake ndi wankhanza. Akamaliza chigawo chimenechi mu Seputembala adzakulembera yekha ndipo nsalu idzabwera. Uwauze atsibweni ako kuti munthu wa boma sathawa.

Undiuze ngati mtedza wabereka, kuno timagula ndi wowola womwe.

Mlamu wako,
Aida Nambewe


Mudzi wa Chimwaza
14 Ogasiti 1938

Alamu,

Moni. Tili bwino. Mtedza unabereka pang'ono, ndakusungirani mtanga umodzi, koma wotumiza naye palibe.

Kalata yanu ndinawawerengera atsibweni. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kufunsa kuti, "Ntchito ya bomayo ilibe Lamulungu? Makala alibenso kumsasako kuti alembe ngakhale dzina lake?" Tsopano aika malire. Akuti mvula yoyamba ikagwa nsalu isanafike, aitana ankhoswe a kuchimuna, nkhani ithe.

Ndikuuzeninso kuti a Gibson a sitolo, amene akazi awo anamwalira chaka chatha, ayamba kupereka moni wautali kwa amayi. Dzana anabweretsa mchere osapemphedwa. Ine ndinaubweza, amayi n'kukautenganso.

Alamu, ine ndikukhulupirira mawu anu chifukwa simunandinamizepo.

Loice


Lokeshoni, Bulawayo
19 Seputembala 1938

Bambo a Lemson,

Moni. Kalata yanu ndinaiona, ndi nsomba zouma zija zinafika, ngakhale theka anadya amene munawapatsira.

Enock anatuluka Lachisanu. Ndikuuzeni mmene anatulukira. Zovala zimene anamangidwa nazo anazisunga m'nyumba yosungira katundu. Buluku anam'bwezera lili bwino, koma malaya anapezeka atadyedwa ndi makoswe, kwatsala kolala ndi dzanja limodzi. Iye anati, nanga ndiyenda wamaliseche m'tauni? Woyang'anira ndende wina anatola malaya akale a ubanditi pamulu wa zotha, n'kumuponyera kumaso. Akuti, "Pita nawo, kuti usaiwale kwanu." Anzake n'kumaseka. Ndiye mlamu wanu anayenda kuchokera kundende mpaka ku Lokeshoni dzuwa lili paliwombo, mapazi a nkhuku ali mbwee thupi lonse. Panjira anaimitsidwa kawiri ndi apolisi oganiza kuti wathawa, ndipo kawiri konse anatulutsa chikalata chomumasula anthu ataunjikana.

Atafika anavula malayawo pakhomo n'kuwaponya pansi. Akuti, "Achemwali, tenthani." Kuchokera apo wakhala kuseri kwa chitseko, duu. Kudya akudya, koma kubwalo satuluka, ngakhale kuchimbudzi amadikira anthu achepe. Ndamupatsa jekete lanu lakale, wavala, komabe akuti anthu akuona nambala. Ndati nambala iti, pamsana pako palibe kanthu! Ndamuikira pepala ndi pensulo kuti alembere mkazi wake, pepala likadali loyera.

Tsono ine sindinadikire. Ndagula nsalu ziwiri za chilundu, mpango ndi sopo, ndatumiza kwa Loice m'dzina la Enock. Pomanga phukusi ndinasowa chokutira. Mukudziwa kuti a positi amafuna phukusi losokedwa m'nsalu yolimba. Ndiye ndinakumbuka malaya aja. Inde, sindinatenthe. Kutentha nsalu, ine? Ndinabadwira kuti? Ndinawawiritsa kuti nsabwe zife, ndinawachapa, n'kuwatembenuza kuti zizindikiro zikhale mkati. Kunja kwake n'koyera bwinobwino, ndalembapo keyala, ndasoka ndi ulusi wawiri. Phukusi limenelo ngakhale ligwe m'Zambezi lifika.

Enock ndamuuza kuti ndinatentha. Musadzandiulule.

Aida


Mudzi wa Chimwaza
12 Okutobala 1938

Kwa amuna anga aMbewe, kudzera kwa alamu anga Aida,

Moni wa chimwemwe! Phukusi lafika Lolemba, mvula isanagwe ngakhale dontho. Zikomo, zikomo kwambiri. Nsalu ya maluwa ofiira ija ndavala kale, yinayo ndasungira Khirisimasi. Amayi anavina ndi mwendo wodwala womwewo. Mchere wa a Gibson nthawi ino aubweza okha.

Koma ndinu ochenjera inu! Ndinkamasula ulusi pang'onopang'ono kuti nsalu yokutira isaonongeke, ndimati ndidzasefera ufa. Nditaitambasula ndinapeza kuti ndi malaya athunthu, ongotembenuzidwa. Nsalu yake yolimba, yoti munthu n'kuvala zaka khumi. Amayi atangoona zidindo zija ndi nambala pamsana anati, "Awa ndi malaya a ntchito ya boma ija. Watumizira atsibweni ako kuti aone okha kuti sanama." Ine ndinaona kuti n'zoona, chifukwa mwamuna wamkulu pano ndi iwo, ndipo ndi amene amakukayikirani.

Ndinapita nawo ndekha, ndinagwada, ndinati mkamwini wanu watumiza. AMbewe, mukanaona! Atsibweni anawatembenuza uku ndi uku, n'kumasisita zidindo zija ndi chala. Akuti, "Boma silidinda chinthu chachabe." Anafunsa ngati nambalayo ndi ya udindo, ine ndinati kaya, mwina. Akuti analakwa kukuganizirani zoipa. Azakhali, akazi awo, akuwasokerapo mabatani awiri pakhosi, ndipo atsibweni akuti adzavala tsiku la Mgonero, pa 30 mwezi uno, pamene midzi yonse idzasonkhana. Ndi iwo adzanyamule mbale ya mkate.

Chatsala ndi kalata ya dzanja lanu. Ndaisowa.

Mkazi wanu,
Loice


Lokeshoni, Bulawayo
29 Okutobala 1938

Loice,

Mayo ine! Kalata yako yafika lero Loweruka, ndipo Mgonero ndi mawa. Ndikulemba ngakhale ndikudziwa kuti pepalali lilibe mapiko.

Ngati mwamwayi atsibweni sanavale, kawalande malayawo, uwatenthe. Si a ntchito ya boma. Ndi malaya a akaidi. Enock anali m'ndende kuyambira Malichi mpaka Seputembala. Sanabe, sanaphe munthu. Anapita kukaika maliro a munthu wa kwathu wopanda chilolezo cha mzungu wake, ndipo anakankha dzanja la wapolisi amene anamugwira pakhosi. Za misewu zija ndinapeka ndine. Nsalu ndinagula ndine. Phukusi ndinakutira m'malayawo ndine, iye anati nditenthe, ine ndinaumira. Ndimati ukang'amba chokutiracho n'kutaya monga amachitira madona a kuno. Ndakhalitsa m'tauni, ndinaiwala kuti kwathu ulusi womwe timasunga.

Ndamuwerengera Enock kalata yako. Wangogwira kumutu. Ukafuna kutukwana, tukwana ine.

Aida


Mudzi wa Chimwaza
16 Novembala 1938

Alamu Aida,

Kalata yanu yafika dzulo. Yachedwa ndi masabata awiri ndi masiku awiri.

Atsibweni anavala. Anafika kutchalitchi molawirira, jekete atalipachika pamkono kuti malaya aoneke. Anthu ankawazungulira panja, iwo akufotokoza kuti mkamwini wawo ali ndi nambala ku boma la Halale. Mapemphero atayamba, ananyamuka ndi mbale ya mkate kuyenda mzere ndi mzere. Kumbuyo kunakhala a Davison a kwa Mphanda, amene anakhala zaka khumi ndi chimodzi ku Wanki ndi ku Bulawayo, pamodzi ndi anzawo atatu obwera kumene. Atsibweni atawatembenukira msana, mmodzi anatsamwa. Wina anabisa nkhope m'chipewa, mapewa akugwedezeka. A Davison anayesa kudzigwira, koma tikutuluka ananena mokweza pakhomo kuti, "Akulu a mpingo, mwatuluka liti? Anakumangirani chiyani?" Ndipo anafotokozera gulu lonse za kabudula, za mpala, za zidebe za kuchimbudzi. Anachita kuyerekeza kayendedwe kake.

Anthu anaseka, alamu. Ena anaseka akulira. Atsibweni anaima njo, kenaka anavula malayawo pomwepo pamaso pa akazi ndi apongozi awo, n'kuyenda chifuwa chili pamtunda mpaka kwawo, jekete ataliiwala pa udzu. Munthu wa imvi. Sanapitenso kutchalitchi chichokere tsikulo. Akuti Enock anachita dala, anawaveka ukaidi pa tsiku la Mgonero pobwezera kuti ankafuna kuthetsa ukwati. Ndawawerengera kalata yanu ija, akuti wabodza wavomera bodza limodzi kuti abise lina.

Ankhoswe a mbali zonse akumana Loweruka pa 17 Disembala.

Mwati ndikutukwaneni. Sinditukwana, koma ndakwiya, ndipo ndakwiya kwambiri. Ndinakupemphani zoona. Ndinakuuzani kuti sindikomoka. Inu munandiseka, n'kundituma kuti ndikagwade pamaso pa atsibweni ndi bodza lanu m'manja. Za ndende sindikuchita nazo manyazi, munthu anakaika maliro. Chondiwawa n'chakuti nonse awiri munakhala pansi n'kuona kuti Loice ndi mwana, asamve.

Musandilemberenso m'malo mwawo. Ngati aMbewe akufuna ukwatiwu alembe okha, ndi dzanja lawo limene ndimalidziwa, kalata ifike tsikulo lisanakwane. Ndikufuna ndikhale ndi choti ndionetse.

Loice Nankhoma


Lokeshoni, Bulawayo
6 Disembala 1938

Nankhoma, mkazi wanga,

Ndine Enock. Moni. Moni kwa amayi. Kwa atsibweni sindikudziwa ngati moni wanga angaulandire.

Kalata yako inafika Loweruka. Ndakhala nayo masiku atatu. Achemwali andilanda mbale lero, akuti sindidya mpaka ndilembe.

Zonse zimene anakuuza m'kalata yomaliza n'zoona. Amene anati kumudzi asamve ndine. Iwo anangonditsatira. Malaya sindinatumize ine, ndipo sindikanachitira munthu aliyense zotero, ngakhale mdani.

Ukufuna kudziwa chifukwa chimene ndinakhalira chete. Ndiyesa. Tsiku loyamba anativula tonse pabwalo, anatimeta, n'kumatiponyera zovala kuchokera pamulu osayang'ana msinkhu. Ine anandipatsa kabudula wa munthu wonenepa ndi malaya a munthu wamfupi, akununkha thukuta la mwini wake. Ndinapempha kachingwe komangira m'chiuno, anati mkaidi sapatsidwa chingwe. Miyezi isanu ndi umodzi ndinayenda dzanja limodzi lili m'chiuno. Ntchito sinandivute, ya ku njerwa inali yoposa. Ndodo ndinalandira kawiri, zinapola. Koma m'zovala zimene zija palibe amene amakupatsa moni. Anthu amene ndinkaimba nawo kutchalitchi ankandiyang'ana ngati akuyang'ana ngolo ikudutsa. Dzina langa silinatchulidwe, ankaitana nambala, ndipo ndinazolowera kuyankha. Chimenecho ndicho chimandiopsa, kuti ndinazolowera.

Ndinkaganiza za iwe, mmene unkandiyang'anira ndikavala malaya oyera aja pa ukwati wathu. Ndinati Nankhoma asadzandione m'maganizo mwake nditagwira kabudula. Ndiye ndinakhala chete, ndipo kukhala chete kwa mwezi umodzi kunabala kwa mwezi wina.

Tsopano ndili m'nyumba mwa achemwali. Ntchito ndilibe chifukwa sindinapite kukafuna. Ndikafika pachitseko miyendo imakana. Ndikudziwa kuti pamsana palibe kanthu, koma ndimamva anthu akuwerenga.

Ndakulakwira. Ndawalakwira atsibweni. Ngati ankhoswe aona kuti ukwati uthe, ndipo iwe wavomera, ine sindiletsa. Ndilibe nkhope yoletsera. Koma ukandifunsa chimene ndikufuna, ndikufuna iwe.

Enock Mbewe


Mudzi wa Chimwaza
22 Disembala 1938

AMbewe,

Moni. Tili bwino. Mvula yagwa yambiri, mtsinje unadzaza, wamtokoma anagona kutsidya masiku asanu. Kalata yanu yafika dzulo Lachitatu. Ankhoswe anakumana Loweruka. Choncho ndinapita chimanjamanja.

Tinakhala pansi pa mtengo wa kachere kwa atsibweni. A kwanu anabwera awiri, mitu ili pansi. Anthu osaitanidwa anadzaza mpaka kunkhokwe, a Davison ali patsogolo. Atsibweni anatulutsa malaya aja atawanyamula ndi kamtengo, n'kuwaponya pafumbi pakati pa bwalo. Anayankhula nthawi yaitali. Akuti mkamwini ndi mkaidi, ndi wabodza, nsalu anagula ndi mlongo wake, ndipo chinthu chokha chochokera pathupi pake chimene chafika m'mudzi muno ndi nyansi iyi. Anafunsa a kwanu ngati pali kalata. Panalibe. Anafunsa ine ngati pali kalata. Ndinati palibe. Ndiye anati, "Wamva wekha. Mwamunayu sanakuveke. Nena kuti ukwati wathe, tizipita."

Sindinakonzekere chilichonse, musaganize kuti ndine wolimba mtima. Koma ndinayang'ana malaya ali pafumbi, anthu akuwaloza, ndipo ndinapsa mtima. Ndinanyamuka, ndinawatola, ndinakutumula fumbi, n'kuvala pamwamba pa nsalu yanga. Amayi anakuwa. Ndinati, "Atsibweni, mwanena zoona kuti chochokera pathupi pawo ndi ichi chokha. Ndiye ndavala. Andiveka. Anawapatsa malaya awa chifukwa anakumba manda a munthu wa kuno kwathu amene analibe womuika. Ena muli pano abale anu ali ku Halale komweko. Ukwati wanga sukutha."

Palibe anaseka, ngakhale a Davison. Kenaka atsibweni anati kuyambira lero iwo si nkhoswe yanga, ndikafune wina, ndipo pakhomo pawo ndisapondepo. Analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Anandilera ndi iwo aja bambo atamwalira, aMbewe. Zimenezo zandiwawa ndipo zikundiwawabe. Tsiku lina mudzabwera kudzawagwadira nokha, ine ndidzakhala pambuyo panu.

Kalata yanu ndaiwerenga katatu. Mawu akuti simuletsa sindinawakonde ngakhale pang'ono. Mawu otsiriza aja ndiwo ndasunga. Alamu muwauze kuti mkwiyo wanga sunathe, koma mtedza wawo ulipo.

Malayawo ndikuvalabe. Ndinapita nawo kudambo kotunga madzi Lolemba, ndinapita nawo kumunda dzulo. Akazi ena amasiya kuyankhula ndikafika, ana a eni amanditsatira kuwerenga nambala. Ndaona zimene mumanena. Zimawawa, ndipo amakanda pakhosi, zimenezo simunandiuze. Koma madzi ndatunga, chimanga ndapalira.

Tsono tamverani. Kuno aliyense amandidziwa, amadziwa amayi anga ndi agogo anga, ndipo ndayenda nawo masana mudzi wonse. Inu muli m'tauni ya eni, mwavala jekete. Mukalandira kalatayi, m'mawa mwake musambe, mutsegule chitseko cha achemwali anu, mukafune ntchito. Mukabwerako mundilembere kuti mwadutsa msewu uti, ndipo mwapatsa moni ndani.

Mkazi wanu,
Loice